Moyo wa Ophunzira Ofuna Kuŵeta Moto wa Dzuŵa

Mwana akakhoza bwino mayeso a Fomu 4, makolo amati watsiriza sukulu. Akapita ku sukulu ya ukachenjede nabwerako ndi digiri, mudzi wonse umati palibenso chimene angaphunzire. Koma ulipo msinkhu wina wa maphunziro umene ambiri a ife sitiudziŵa bwino, pamene wophunzira amaleka kufunsidwa zolembedwa m'mabuku, nayamba kufunafuna yankho la funso limene ngakhale aphunzitsi ake sadziŵa. M'nkhani ya lero tiyeni tione m'mene ophunzira a msinkhu umenewu amakhalira. Chitsanzo chathu titenga ku Massachusetts Institute of Technology, sukulu imene anthu amangoitchula mwachidule kuti MIT, ya mu mzinda wa Cambridge ku America, kutsidya kwa mtsinje wa Charles kuchokera ku Boston. Kumeneko kuli anyamata ndi atsikana amene ntchito yawo ndi kuyesa kukoleza pansi pano moto wofanana ndi wa m'dzuŵa, kuti tsiku lina udzapereke magetsi.

Moto wake ndi wotani?

Tisanaloŵe m'kalasi mwawo, nkofunika kuti timve chimene akulimbana nacho. Inu amene mudaphunzira sayansi ku sekondale mukukumbukira kuti pakati pa atomu iliyonse pali kanjere kolemera. Tinjere tiŵiri topepuka tikagundana mwamphamvu kwambiri timaphatikana nkukhala kanjere kamodzi. Kulemera kwa kanjere katsopanoko kumapereŵera pang'ono poyerekeza ndi tiŵiri tija, ndipo chopereŵeracho ndicho chimasanduka mphamvu. Kuphatikana kumeneku akatswiri amakutcha fusion. Arthur Eddington wa ku Britain adaganiza mu 1920 kuti umu ndimo nyenyezi zimayakira, ndipo Hans Bethe adalongosola njira yake mu 1939. Tisasokoneze ndi mphamvu ya uranium, wonga uja wa ku Kayelekera m'boma la Karonga, pakuti imeneyo imapezeka mwa kuswa tinjere tolemera.

Nkhuni za moto umenewu ndi mitundu iŵiri ya haidrojeni. Woyamba ndi deuterium, amene amapezeka m'madzi wamba. Wachiŵiri ndi tritium, amene ndi wosoŵa kwambiri ndipo ayenera kupangidwa kuchokera ku lithium. Ziŵirizi zikaphatikana zimabala helium ndi kanthu kothamanga kotchedwa neutron, popanda utsi uja wa malasha kapena mafuta.

Vuto nlakuti tinjereti timakanana, monga momwe mbali zofanana za maginito aŵiri zimakankhanirana. Kuti tigundane tiyenera kutenthedwa koopsa. Pakati pa dzuŵa pamatentha madigiri pafupifupi 15 miliyoni, ndipo kulemera kwa dzuŵalo kumapanikiza zonse pamodzi. Pansi pano tilibe chopanikizira chotero, nchifukwa chake pamafunika madigiri opitirira 100 miliyoni. Mpweya ukatentha chomwecho umasanduka chinthu china chotchedwa plasma, ndipo ukangokhudza khoma la chiŵiya chimene ulimo umazizira pomwepo. Mphika wake tsono ndi mphamvu ya maginito, imene imaugwira m'malere. Makina odziŵika kwambiri ochitira zimenezi amatchedwa tokamak, ndipo m'kati mwake ndi mozungulira ngati nkhata. Adawaganiza ndi Andrei Sakharov ndi Igor Tamm a ku Soviet Union cha m'ma 1950. John Lawson wa ku Britain adaonetsa mu 1955 kuti mphikawu umakhala pa mafuwa atatu: kutentha kokwanira, kuthithikana kokwanira, ndi nthaŵi yokwanira yosunga kutenthako. Fuwa limodzi likafupika, zonse zimatayika. Wophunzira aliyense wa maphunziroŵa amathera zaka zake pa limodzi la mafuwa atatuŵa.

Kuloŵa, ndi zaka ziŵiri zoyamba

Ofuna kuloŵa amakhala atatenga kale digiri yoyamba, kaŵirikaŵiri ya fizikisi, masamu kapena uinjiniya. Amatumiza zotsatira za mayeso awo, makalata a umboni ochokera kwa aphunzitsi amene adawaphunzitsa, ndi kalata yawoyawo yofotokoza chimene akufuna kufufuza. Amachokera m'maiko osiyanasiyana. Akasankhidwa amalembedwa m'nthambi ya fizikisi kapena ya uinjiniya wa nyukiliya, koma ntchito yeniyeni amakagwirira ku malo ofufuzira otchedwa Plasma Science and Fusion Center, amene adakhazikitsidwa mu 1976.

Chimene chimadabwitsa ambiri nchakuti wophunzira wa msinkhu umenewu salipira fizi kuchokera m'thumba mwake. Amatengedwa ngati wothandiza pa kafukufuku, kotero fizi yake imalipiridwa, ndipo iye amalandira kandalama ka mwezi ndi mwezi kokwanira chipinda chogona ndi chakudya. Kwa zaka zambiri gawo lalikulu la ndalamazi linkachokera ku nthambi ya boma la America yoona za mphamvu. Mfundo imeneyi muisunge, pakuti tibwereranso kwa iyo.

Zaka ziŵiri zoyamba ndi za m'kalasi. Amaphunzira malamulo a magetsi ndi maginito amene James Clerk Maxwell adalemba m'zaka za m'ma 1860, khalidwe la plasma, mafunde oyenda m'kati mwake, masamu ozama ndi kalembedwe ka mapulogalamu a kompyuta. Mlungu uliwonse amapatsidwa mafunso oŵerengeka okakonza kunyumba, koma funso limodzi likhoza kudya madzulo athunthu ndi masamba angapo. Palibe amene amawakwanitsa ali yekha. Ophunzira amakhala m'timagulu patsogolo pa bolodi, uyu akulemba, uyu akutsutsa, mpaka usiku. Akulu adati mutu umodzi susenza denga, ndipo mwana amene adazoloŵera kukhala nambala wani kwawo amaphunzira msanga kufunsa mnzake popanda manyazi.

Kenaka pamabwera mayeso oopedwa kwambiri, a pakamwa. Wophunzira amaimirira yekha ndi choko kapena cholembera m'manja, aphunzitsi angapo atakhala patsogolo pake, namamufunsa funso pamwamba pa funso kufikira atafika pamene nzeru zake zathera. Cholinga chawo ndi kuona chimene munthuyo amachita akafika pamenepo: kodi amaphimba ndi mau ambiri, kapena amavomera nayamba kuganiza kuchokera pa zimene akudziŵa? Wopambana mayesoŵa amaloledwa kuyamba kafukufuku wa digiri ya udokotala, moyang'aniridwa ndi pulofesa kapena katswiri mmodzi. Ulendo wonse umatenga zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Ena amagwira ntchito ndi pepala ndi pensulo, ena amayerekeza plasma pa makompyuta akuluakulu, ndipo ena amagwira makina ndi manja awo. Tiyeni titsate aŵa omalizaŵa, monga ankakhalira m'masiku a makina otchuka a pa sukuluyi.

Tsiku la ntchito pa makina

Makinawo dzina lawo lidali Alcator C-Mod, ndipo adaikidwa mu msewu wa Albany, m'nyumba imene kale idali ya kampani ya mabisiketi ya Nabisco. Adagwira ntchito ya kafukufuku kuyambira 1993 mpaka 2016. Adali aang'ono poyerekeza ndi anzawo a m'maiko ena, pakuti plasma yake inkadzaza malo ongokwana mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu. Mphamvu yawo idali m'maginito, amene ankafika matesla 8, ndiko kuti kuposa mphamvu ya maginito ya dziko lathu lapansi, ija imatembenuza singano ya kampasi, koposa ka 100,000. Magetsi ake sakadatengedwa nthaŵi imodzi ku mawaya a mu mzinda. Ankayamba azunguza gudumu lachitsulo lolemera matani ambirimbiri, nasunga mphamvu m'kuzungulira kwakeko, kenaka nkuitulutsa yonse kamodzi.

Tamvani tsono za nthaŵi. Moto unkayaka kwa masekondi aŵiri okha. Ukazima ankadikira ngati mphindi 15 kuti maginito azizire, nkuyatsanso. Pa tsiku labwino ankayatsa ngati ka 30. Mukaŵerengera mupeza kuti gulu lonse la akatswiri, amisiri ndi ophunzira linkagwira ntchito kuyambira m'maŵa mpaka madzulo kuti lione moto kwa mphindi imodzi. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Nanga munthu angayeze bwanji kutentha kwa chinthu chimene chingasungunule choyezera chilichonse? Apa ndi pamene padali ntchito ya ophunzira ambiri. Wina ankaombera kuŵala kwa laser m'kati mwa plasma nayeza m'mene kwabalalikira. Wina ankaŵerenga mtundu wa kuŵala kotuluka m'motomo, wina mafunde onga a wailesi. Kaŵirikaŵiri wophunzira ankayenera kupanga yekha chida chake choyezera: kujambula pulani, kusula zitsulo, kulumikiza mawaya, kufunafuna kabowo kosaoneka ndi maso kamene kakuloŵetsa mpweya. Chaka chathunthu, kapena ziŵiri, chinkatha asanapeze nambala ngakhale imodzi yoika m'buku lake. M'nyengo imeneyo aphunzitsi ake enieni adali amisiri a m'nyumbamo, anthu opanda maina aulemu koma odziŵa bawuti iliyonse ya makinawo.

Chida chikatheka, wophunzira ankalemba pempho lalifupi lofotokoza chimene akufuna kuyesa ndi chifukwa chake, ndipo komiti inkaŵeruza ngati apatsidwe tsiku, theka la tsiku, kapena adikire. Tsikulo likafika, iye ndiye ankatsogolera m'chipinda choyendetsera makina. Mnyamata kapena mtsikana wa zaka 26 ankanena chimene chisinthidwe pa kuyatsa kotsatira, akuluakulu a imvi nkumamvera. Ichi ndi chimene chidatchukitsa malowa: makina a pa sukulu, aang'ono, ankalola wophunzira kugwira chiwongolero, pamene pa makina akuluakulu a maboma akadangokhala mmodzi mwa mazana. Koma tsiku lomwelo likhoza kuonongeka. Plasma imatha kupulumuka mwadzidzidzi nkumenya khoma, pampu ikhoza kufa, ndipo mwayi wina sungabwere msanga.

Pambuyo pake pankabwera miyezi yosanthula ziŵerengero. Zopezazo ankakazionetsa ku msonkhano wa chaka ndi chaka wa bungwe la American Physical Society, nazitumiza ku magazini a akatswiri monga Nuclear Fusion ndi Physics of Plasmas, kumene anthu osatchulidwa maina amaŵerenga ndi cholinga chopeza cholakwa. Kukhwimitsa kotereku kuli ndi mbiri yake. Mu January 1958 akatswiri a ku Harwell ku Britain adalengeza kuti makina awo otchedwa ZETA akuoneka kuti akwanitsa fusion, manyuzipepala nafuula, koma patangopita miyezi yoŵerengeka adabweza mau awo atapeza kuti adamasulira molakwa zimene adayeza. Momwemonso mu 1968 akatswiri a ku Moscow atanena kuti tokamak yawo ya T-3 yafika madigiri 10 miliyoni, ambiri adakayika, kufikira gulu la ku Culham ku Britain litapita komweko mu 1969 ndi zida zawo nkutsimikiza. Kuyambira pamenepo maiko ambiri adatembenukira ku tokamak. Nkhani ziŵirizi wophunzira aliyense amazimva, ndipo zimamuphunzitsa kuti nambala yosayezedwa kaŵiri siyenera kukhulupiriridwa.

Pamene chitsime chidaphwa

Tibwerere ku ndalama zija. Mu 1985 atsogoleri a America ndi Soviet Union, Ronald Reagan ndi Mikhail Gorbachev, adagwirizana ku Geneva kuti maiko amange pamodzi makina aakulu a fusion. Ganizolo ndilo lidabala ITER, imene ikumangidwa ku Cadarache kummwera kwa France, ndipo mtengo wake udakwera kwambiri kuposa m'mene ankayembekezera. Mu 2012 boma la America, pofuna kupeza gawo lake la ndalama za ITER, lidakonza zotseka Alcator C-Mod.

Taganizani za wophunzira amene watha zaka zitatu akupanga chida chake, ndipo akumva kuti makina oti achimangirirepo atsekedwa. Buku lake lidzalembedwa ndi chiyani? Ophunzirawo sadakhale chete. Adalemba makalata, adaitana aphungu kuti adzaone okha, ena adapita ku Washington kukalankhula ndi a nyumba ya malamulo. Makinawo adakhala osayaka kwa nthaŵi yaitali, kenaka aphungu adabwezeretsa ndalama kwa zaka zoŵerengeka, nanena kuti zimenezo nzomaliza.

Tsiku lotsiriza lidali Lachisanu pa 30 September 2016. Poona kuti palibenso chosungira makinawo, adawakankha mpaka pa malire. Usiku umenewo plasma idafika kupanikiza koposa kaŵiri kupanikiza kwa mpweya umene timapuma, pa kutentha kwa madigiri opitirira 35 miliyoni. Padalibe makina ena a maginito pa dziko lonse amene adafikapo pamenepo. Atatero adazimitsa. M'zaka zake zonse makinawo adapereka ziŵerengero za mabuku a udokotala opitirira 150.

Chaka chomwecho makina ena aakulu, NSTX-U a ku Princeton, adaima chifukwa maginito amodzi adaonongeka atangogwira ntchito milungu yoŵerengeka, ndipo kukonza kwake kudatenga zaka zambiri. Ophunzira tsono adasanduka alendo pa makina a eni: ena ku DIII-D mu mzinda wa San Diego, ena ku Garching ndi ku Greifswald ku Germany, ena ku Culham. Wofuna maphunziro a mtundu umenewu adziŵe kuti tsogolo lake likhoza kusinthidwa ndi anthu a ndale amene sadzamuona nkomwe.

Ntchito ya m'kalasi imene idabala kampani

M'zaka zomwezo za nkhaŵa, Pulofesa Dennis Whyte, amene adatsogolera malo ofufuzirawo kuyambira 2015 mpaka 2023, ankaphunzitsa phunziro la kakonzedwe ka makina. M'malo mopatsa ophunzira mafunso a mayankho odziŵika, adawapatsa funso lotseguka. Padali patatuluka mtundu watsopano wa waya wopyapyala ngati riboni, umene ukaziziritsidwa umapititsa magetsi popanda kutaya mphamvu, ngakhale pakati pa maginito amphamvu zedi. Funso lidali lakuti: tikadakhala ndi maginito a waya ameneyu, makina opereka magetsi akadachepa kufika pati?

Masamu ake ndi osavuta kumva. Mukaŵirikiza kaŵiri mphamvu ya maginito, mphamvu ya fusion yotuluka pa malo omwewo imaŵirikiza ka 16, ndiko kuti 2 x 2 x 2 x 2. Ophunzirawo adagaŵana ntchito, ndipo pulani yawo, imene adaitcha ARC, idasindikizidwa mu 2015, dzina loyamba pa olemba likhala la wophunzira, Brandon Sorbom. Nkhata ya ARC idali ya mamita 3.3 kuchokera pakati, pamene ya ITER ndi ya mamita 6.2. Mu 2018 Sorbom, Bob Mumgaard ndi anzawo ena amene adakulira pa Alcator C-Mod, pamodzi ndi aphunzitsi awo, adayambitsa kampani ya Commonwealth Fusion Systems. Mu September 2021 kampaniyo ndi sukuluyo adayesa maginito aakulu a waya uja nafika matesla 20, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho anthu amalonda adaikamo madola 1.8 biliyoni. Chaka chomwecho adayamba kumanga makina oyesera otchedwa SPARC ku Devens m'dera la Massachusetts lomwelo. Wophunzira wa lero tsono ali ndi njira zambiri kuposa akulu ake: kuphunzitsa, malo ofufuzira a boma, kapena makampani amene akulimbirana anthu odziŵa ntchitoyi.

Komabe tisathamange ndi mtima. Kufikira lero palibe nyumba ndi imodzi yomwe imene ikuunikiridwa ndi magetsi a fusion. Makina a JET a ku Culham, asanatsekedwe kumapeto kwa 2023, adatulutsa mamegajoule 69 m'masekondi ngati asanu. Imeneyo ndi mphamvu yofanana ndi mayunitsi 19 okha a magetsi amene timagula, ndipo makinawo adadya yochuluka kuposa imene adatulutsa. Pa 5 December 2022, ku Lawrence Livermore National Laboratory ku California, akatswiri ogwiritsa ntchito laser adaloŵetsa mamegajoule 2.05 natulutsa 3.15. Chidali chinthu chachikulu m'mbiri ya sayansi, koma kuti ma laserwo ayake adakoka mamegajoule pafupifupi 300 ku mawaya. Mu 2024 akuluakulu a ITER adalengeza kuti kuyesa ndi deuterium ndi tritium kudzayamba mu 2039. Mafunso otsala ndi olemera: chitsulo chanji chidzapirire kumenyedwa ndi ma neutron kwa zaka zambiri, tritium wokwanira adzapangidwa bwanji, ndipo kutentha kotuluka kudzachotsedwa motani khoma lisanasungunuke? Pali nthabwala yakale pakati pa akatswiriŵa yonena kuti magetsi a fusion nthaŵi zonse amakhala atatsala zaka 30. Wophunzira woloŵa lero amaidziŵa nthabwalayi, ndipo amadziŵanso kuti mibadwo iŵiri ya aphunzitsi ake idapuma pa ntchito isanaone chimene inkafuna.

Mau kwa aphunzitsi ndi otsiriza sukulu

Kwa ife kuno, amene magetsi athu ambiri amachokera ku mtsinje wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, moto wa fusion sudzafika msanga, ndipo tisanamize ana kuti uli pakhomo. Phindu la nkhaniyi lili pena. Inu amene mwangotsiriza sukulu, onani kuti makwerero onseŵa tsinde lake ndi masamu ndi sayansi za ku sekondale. Lamulo la maginito limene mudalijambula ndi utuchi wa chitsulo pa pepala ndi lomwelo limagwira moto wa madigiri 100 miliyoni m'malere. Amene akulakalaka maphunziro apamwamba, a fusion kapena ena alionse, asamale zinthu zitatu zimene osankha amayang'ana: kukhoza bwino digiri yoyamba, kukhala atayesapo kafukufuku ngakhale wochepa, ndi mphunzitsi womudziŵa bwino amene angamulembere umboni woona.

Anzanga aphunzitsi, ife tilibe maginito a matesla 20, ndipo m'sukulu zambiri ngakhale mabatire amasoŵa. Koma chimene Pulofesa Whyte adachita sichidafune makina. Adapatsa kalasi funso limene iye mwini sadali ndi yankho lake, naligaŵa kwa ophunzira. Kamodzi pa teremu tikhoza kuchita chimodzimodzi: ana ayeze kuti ndi mbaula iti imene imaŵiritsa madzi ndi makala ochepa, abwereze muyeso katatu, gulu lina liyeze padera, ndipo alembe nambala imene apeza ngakhale ikhale yosakondweretsa. Mwana wozoloŵera zimenezo ali Fomu 2 sadzachita mantha tsiku limene adzaimirire yekha pa bolodi pamaso pa akatswiri.

M'nkhani yotsatira tidzaona m'mene buku la udokotala limalembedwera, ndi zimene zimachitika pa tsiku loliteteza pamaso pa oŵeruza.